Ndalama Yosalira

Dzina langa ndine Esperança. Ndimaphunzitsa ana aang'ono ku shikola ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lifidzi, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akunditchula kuti mayi wosanama. Mwana akaba pensulo ya mnzake, ndimangomuyang'ana, yekha amaitulutsa m'thumba. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti anthu ankandikhulupirira, pakuti chikhulupiriro chawocho ndicho ndinaphera ukwati wa mwana wanga Vanda.

1

Kwathu nkhani ya agogo a Serafim timaidziwa tisanadziwe Atate Athu. Anali bambo a mayi anga, mmisiri wa zitsulo. Ankakhoma ndowa, kumata miphika yobooka, ndipo nyengo ya ubatizo ikayandikira ankasungunula mtovu n'kuumba timitanda ndi mendulo zoti ana avale m'khosi. Nthawi imeneyo n'kuti dziko lili m'manja mwa Apwitikizi.

Lamlungu lina, pa phwando la katchalitchi kathu ka m'mudzi, m'dengu la chopereka munapezeka ndalama yaikulu ya maeskudo khumi, yowala ngati siliva. M'mudzi wa anthu opereka mazira ndi chimanga, ndalama yotere sinkabisika. Sipayo wina, wapolisi wa boma la atsamunda, amene anabwera kudzapemphera nawo, anaitola n'kuiponya pa mwala wa pakhomo. Siliva weniweni amalira. Iyi inangoti phi, n'kukhala pomwepo.

M'mawa mwake masipayo anatenga akatekista, a Natanael, amene ankayendetsa dengulo. Madzulo a tsiku lomwelo anabwera kwa agogo, n'kupeza chikombole cha dothi kuseri kwa chipala chawo, chokhala ndi nkhope ya ndalama ija. Lamulo la masiku amenewo silinkafunsa kuti wapanga zingati, kapena unkafuna kuchita nazo chiyani. Wopanga ndalama ya boma anali mdani wa boma, basi. Agogo anawagamula zaka zambiri za ntchito yakalavulagaga ku Santome, chilumba cha kutali m'nyanja yamchere. Sanabwererenso, ngakhale mbiri ya manda awo sinatipeze.

A Natanael anabwerako zikhatho zitatupa ndi mbalamatodya, thabwa lobookabooka limene ankamenyera anthu m'manja. Koma iwo anabwerako. Mudzi unangophatikiza wokha: uyu watengedwa m'mawa, uyo wamangidwa madzulo, ndiye waulula ndani? Ena anawonjezera kuti awiriwa ankakanganirana dimba. A Natanael sanadziteteze, anangotula ukatekista n'kumalima fodya. Kuchokera pamenepo banja lathu ndi lawo silinapalanenso moto.

Mayi anga, a Zeferina, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene bambo awo ankamangidwa, ndipo anakula ndi timiyambo tawotawo. Ndalama yachitsulo sankaigwira. Kumsika troko, ndalama yowabwezera, ikakhala ya zitsulo, ankauza wogulitsa kuti angowonjezera matimati. Kutchalitchi ankapereka nyemba kapena dzira. Ndipo akatipeza tajambula phada pabwalo, ankafufuta mizereyo ndi phazi n'kutithamangitsa ndi tsache. Za ndalamazo tinkati n'chisoni cha bambo awo. Za phada tinkangoti amayi ndi ovuta.

2

Nkhondo itafika kwathu tinathawira ku Malawi, kufupi ndi Dedza. Kumsasa wa othawa nkhondo munthu sasankha woima naye pamzere wa ufa. Ine ndinaima kumbuyo kwa mnyamata wamtali, wa mpata kumano, amene ankaseketsa mzere wonse potsanzira mayendedwe a bwana wogawa mafuta. Anandinyamulira thumba mpaka pakhomo. Nditafunsa dzina lake anati ndi Romano, mdzukulu wa a Natanael, ndipo anayembekezera kuti ndithawa. Sindinathawe.

Tinakondana mobisa mpaka mtendere unabwera. Titabwerera kwathu, Romano anatumiza anthu kudzafunsa mbeta. Amalume anga, mlongo wawo wamkulu wa amayi, sanawalole n'kukhala pansi komwe. Anati magazi a Serafim sangasakanikirane ndi magazi a munthu amene anamugulitsa. Ndinayang'ana amayi kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anangonyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Ndinathamangira kwa Romano, ndinamupeza akusenza udzu wofolera nyumba yawo imene inapsa pankhondo. Ndinamuuza kuti akafunse agogo ake, poti anali adakali moyo. Ngati sanaulule, anene pamaso pa anthu, nkhani ithe. Ngati akana, tithawire ku Tete awiriwiri. Anapita akuseka, akuti ndikonzeretu diresi.

Atabwerako, nkhope yake inali ina.

"Esperança, mvera akwanu," anatero.

"Ndiye agogo ako anachitadi?"

"Sindinganene."

"Sunganene kuti anachita, kapena sunganene kuti sanachite?"

Anangoyang'ana udzu uja. Ndinamutcha wamantha, mdzukulu weniweni wa agogo ake, ndipo ndinachoka osacheuka. Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi Fábio, kalaliki wofatsa wa ku Ulongwe, amene anamwalira Vanda akadali wamng'ono. Ndinamusamala, ndinamulira, koma kumukonda monga ndinakondera Romano, ayi. Romano naye anakwatira, n'kukhazikika ku Domwe pa malonda a nyemba. Tikakumana pamaliro tinkapatsana moni wa anthu osadziwana.

3

Vanda anakula wokongola, wapakamwa pakuthwa ngati mayi ake. Anapeza ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi shuga ndi buledi wosatumidwa, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani. Anati pali mnyamata, dzina lake Nércio, woyendetsa shapa, minibasi ya pakati pa Ulongwe ndi Domwe. Samwa, anati, ndipo akaona agogo okalamba panjira amaima ngakhale galimoto itadzaza. Ndinaseka, ndinafunsa kuti ndi mwana wa yani.

"Wa a Romano, ogula nyemba aja."

Amayi anali pakhonde akusola nyemba m'makoko. Manja awo anaima.

Ndinamukumbutsa Vanda za agogo a Serafim, ngati kuti sankazidziwa. Iye anati eskudo inatha iye asanabadwe, atsamunda anapita, a Natanael anafa kalekale, nanga Nércio walakwa chiyani? Anati akudziwa kuti nkhani yake idutsa kwa amalume ake, achimwene anga a Arcanjo, ndipo sakufuna kuthawa ngati wakuba. Akufuna ukwati wa pa tchalitchi, agogo ake atakhala kutsogolo.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho kunazizira koopsa, madzi ankachita kuluma m'manja. Amayi anagwidwa ndi chibayo. Anaona ngati ulendo wakwana, ndipo anafuna wansembe, koma ansembe kwathu amabwera mwa apo ndi apo. Masana ena, Vanda ali ku ntchito, anandiitana, n'kundigwira pamkono mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Analankhula nthawi yaitali, akupumira m'mwamba.

Zimene ananena ndikuuzani, koma mundilole ndizisunge kaye. Inenso zinanditengera nthawi kuti zituluke pakamwa panga.

Potsiriza anati, "Wamva, Esperança? Ukamuuze Arcanjo."

"Ndamva, amayi."

Chibayo chinawasiya, koma asanadzuke bwinobwino anagwa pakhomo ndi matenda aja opha ziwalo. Tinathamanga nawo ku chipatala. Anabwerako amoyo, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, ndi lilime lomwe. Mawu okha amene anawatsalira anali kubuula. Ine ndiye ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza, ndipo posakhalitsa aliyense anazolowera kundifunsa kuti amayi akuti chiyani.

A Arcanjo sindinawauze kanthu.

4

Anthu atakumba mbatatesi, ankhoswe a Nércio anabwera. Anali amalume ake awiri, ndipo kumbuyo kwawo kunali Romano mwiniwake, ngakhale bambo sayenera kupezeka pa ulendo wotere. Tsitsi lake linali litayamba imvi, koma mpata uja kumano unalipobe. Ndinadana nawo mtima wanga chifukwa cha mmene unagundira.

A Arcanjo ndi munthu wamalonda, sakonda mkangano wosabweretsa phindu. Dzulo lake anali atandiuza kuti, "Mlongo, amalume aja anafa, ife tatsala. Zakale zitisiye, ana akwatirane." Ndinangoti tiona.

Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa pichesi. Amayi tinawakhazika pamphasa pakhonde, titawafunditsa bulangeti. Vanda anali kukhitchini, khutu lili panja. Alendo analankhula mwaulemu, a Arcanjo anayankha mwaulemu, ndipo ndinamva akuyamba kunena kuti ife kuno sitikuonapo chovuta.

Ndinaimirira. Mkazi salowerera nkhani ya ankhoswe, koma ndinalowerera.

Ndinalankhula ndi mawu anga a m'kalasi, aja osathamanga, ofika mpaka kumbuyo. Ndinafotokoza za chingwe chimene anamangira agogo m'chiuno, za agogo aakazi amene anatsatira masipayo mpaka kumtsinje akugwa n'kudzuka, za kamtsikana kamene kanakula kakuyang'ana kumsewu. Ndinati munthu amene ankayenera kuteteza nkhosa za Mulungu ndiye analoza chala. Ndinati mabanja ena angathe kuiwala, poti kwawo munthu anabwerako. Oyandikana nafe anali atasonkhana kumpanda, ndipo ndinaona amayi ena akupukuta misozi.

Pamenepo amayi anayamba kumenya mphasa ndi dzanja lawo lamanzere. Ankamenya, akubuula, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Bulangeti linagwa. Anayesa kukwawa kulunjika kumene kunakhala alendo.

A Arcanjo anadzidzimuka. "Mlongo, amayi akuti chiyani?"

Maso onse anali pa ine.

"Akuti achoke," ndinatero.

Romano sanandiyang'ane ine. Anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa, anagwada pa fumbi n'kuwaombera m'manja pang'onopang'ono. Atatero anadzuka, anakodola anzake, n'kumapita.

Vanda anatuluka m'khitchini, anagwada pafupi ndi agogo ake n'kuwafunditsanso. "Agogo, ngati zikukupwetekani chonchi, ndasiya. Musalire, ndasiya." Amayi anagwira chitenje chake n'kumapukusa mutu mwamphamvu. Vanda anandiyang'ana.

"Akuti usawasiye okha," ndinatero.

5

Vanda sanawasiye. Anasiya ntchito ya kusitolo n'kubwerera kumudzi kudzadwazika agogo ake. Masiku oyamba shapa ya Nércio inkaima pamsewu pafupi ndi kwathu, n'kuliza hutala kawiri, okwera akudandaula. Vanda ankangopitiriza kuchapa. Kenaka hutala inaleka, ndipo tinamva kuti Nércio wapita ku Tete kukayendetsa magalimoto akuluakulu. Mwana wanga anaonda, nthabwala zake zinatha. Sanandinenepo chilichonse choipa, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Amayi anayamba kukana phala la m'manja mwanga. Ndikafika ndi supuni ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Akabwera Vanda ankadya. Anthu ankati matendawa amasokoneza mutu, wodwala amadana ndi womusamala. Ine ndinkavomereza.

Kenaka anayamba kujambula. Tikawakhazika pakhonde kuti aothere dzuwa, ankatambasula chala cha kumanzere n'kumalemba pa fumbi: bokosi, bokosi lina pamwamba pake, awiri ogundana, lina pamwamba. Akamaliza ankakoka Vanda n'kumuloza.

"Amayi, agogo akujambula chiyani?"

"Mazenera," ndinatero. "Akufuna titsegule mazenera, m'nyumba mukununkha utsi."

Vanda anakulira m'nyumba imene phada anali woletsedwa, ndipo sakanaganiza n'komwe kuti agogo ake angajambule chinthu chimene ankadana nacho chotero. Anatsegula mazenera. Ine ndinatenga tsache n'kusesa pakhonde. Mawa lake amayi anajambulanso, ine ndinasesanso. Tinakhala tikuchita zimenezi nyengo yonse ya dzinja, awiri tikudziwa, wachitatu akutsegula mazenera.

Ndinkadziuza kuti ndikuteteza dzina la mayi anga. Ndinkapita nazo ku Misa, ndinkalandira nazo Ukaristia, ndipo ku shikola ndinkalangabe ana onama.

6

Chaka chotsatira nyemba zinacha bwino, ndipo ndinatenga matumba anga kupita nawo ku Domwe, kumene mtengo unali wabwinoko. Ndinadutsa masikelo angapo dala, koma wa njinga amene anandinyamulira katundu anakatsitsa pa sikelo ya Romano, n'kumapita. Panalibe kothawira.

Anayeza nyembazo. Atamaliza anandipatsa mpando kuseri kwa matumba, kumene kunalibe anthu, n'kufunsa za amayi. Ndinati ali chomwecho.

"Anakuuzani, eti?" anatero.

Ndinati sindikumva zimene akunena.

"Amake Vanda, dzanja lija silinkathamangitsa ife. Ine ndinaliona. Linkakuletsani inu."

Ndinamufunsa kuti akudziwa chiyani, ndipo iye, mwa mawu apansipansi, anandiuza nkhani yomwe ija imene amayi anandiuza masana aja a chibayo.

Agogo a Serafim sanali wopanga ndalama zachinyengo. Anapanga imodzi yokha. Mwana wawo wamkazi ankakonda phada, koma mwala wake unkangodumpha mizere, anzake n'kumamuseka. Tsiku lina mzungu wina wa sitolo anawalipira ndalama ya siliva atamukonzera thanki. Asanakapereke ku msonkho, anaidinda pa dothi, anathiramo mtovu wotsala ku mendulo, n'kumupatsa mwanayo kuti aziponyera phada. Inali yolemera bwino, ikagwa sinkasuntha. Anamuuza kuti asatuluke nayo pabwalo.

Pa tsiku la phwando ana onse a katekisimu anauzidwa kubweretsa kanthu. Anzake anali ndi mazira, wina nkhuku. Iye analibe, poti kwawo zonse zinali zitapita ku msonkho. Dengu litafika pa iye, anachita manyazi, anamasula mfundo ya nsalu yake n'kuponyamo chinthu chokongola kwambiri chimene anali nacho. Ankaganiza kuti Mulungu akondwera.

Kamtsikanako kanali mayi anga.

A Natanael anakaona. Masipayo anawamenya m'manja tsiku lonse kuti atchule amene anaponya, iwo ankangoti dengu linadutsa anthu ambiri. Sanatchule mwana, sanatchule bambo. Masipayowo sanafunikire kuuzidwa, poti m'dera lonse wosungunula mtovu anali mmodzi. Ndipo mudzi utayamba kuwanena, a Natanael anaona kuti akadziyeretsa, mlandu wonse ugwera mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene bambo ake anali atangotengedwa kumene. Anasankha kukhala chete.

"Tsiku lija munandituma kukawafunsa," anatero Romano, "anandiuza zonse. Koma anayamba andigwiritsa kolona, kuti ndilumbire kuti sindidzanena a Zeferina ali moyo, pokhapokha atayamba okha."

Ulemu wonse unandithawa. "Ndiye iwe unandisiya ukudziwa?"

"Ndikanakutenga poika mayi ako pabwalo, ukanandikonda mpaka liti?"

Ndinatola nyemba imene inagwera pansi n'kuibwezera m'thumba.

"Ine ndinalumbira, Esperança," anatero. "Nanga iwe unalumbira kwa yani?"

Sindinalumbire kwa aliyense. Amayi sanandipemphe kuti ndibise. Masana aja, atamaliza kufotokoza, ananena mawu awa, ndipo ndimawamvabe: "Ukwati wako uja ndinakuphera ndine, ndi mantha. Usamuphere Vanda. Ukamuuze Arcanjo awalandire anthuwo, ndipo uwapepese."

Ndiye n'chifukwa chiyani ndinaimirira pansi pa mtengo wa pichesi? Ndinene mosabisa, poti ndabisa mokwanira. Nkhani ija ikanakhala yoona, ndiye kuti ndinataya Romano chifukwa cha magazi a agogo anga, ndipo kutaya kotero munthu amatha kukusenza mutu uli m'mwamba. Koma ikakhala yabodza, ndiye kuti ndinamutaya pachabe. Ndipo Vanda akanalandira mosavutikira chimene ine anandilanda. Ndikanamavina pa ukwati wake, ndikumutcha Romano asewere, mkazi wake atakhala pambali pake. Amayi ndinawakwiyira, ndipo lilime lawo litafa ndinaona mpata wowalanga. Mwana wanga wobala ndekha ndinamuchitira nsanje.

Ndinaimirira, ndinati ndikupita kukakonza zonse lero lomwe. Romano anapukusa mutu.

"Nércio anamanga ukwati Loweruka lapitali, ku Tete. Anadikira, mpaka anatopa."

7

Ndinakwera shapa yobwerera, ndipo panjira ndinatsikira kwa a Arcanjo n'kuwatenga. Tinapeza Vanda akupesa agogo ake tsitsi pakhonde. Za ukwati wa Nércio anali atazimva kale kwa anzake, ndipo sanandiuze.

Ndinagwada pa fumbi pamaso pa amayi, n'kujambula ndi chala changa: bokosi, lina pamwamba, awiri ogundana. Ndinamuuza Vanda kuti si mazenera. Kenaka ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mtovu mpaka pa mawu amene ndinawaika m'kamwa mwa munthu wosalankhula. A Arcanjo anakhala pansi penipeni, anagwira mutu. Vanda anatembenukira kwa agogo ake.

"Agogo, n'zoona?"

Amayi anagwedeza mutu kuvomera. Anatenga dzanja la Vanda n'kuliika pa tsaya lawo, akubuula pang'onopang'ono.

"Ndiye tsiku lija munkati ndikwatiwe?"

Anavomeranso.

Vanda sanalire. Anapukuta agogo ake kumaso ndi nsonga ya chitenje, anamaliza kuwapesa mbali imene inatsala. Kukhala chete kwakeko kunandiopsa, ndipo ndinayamba kulankhula zambirimbiri. Ndinati tonse m'banja muno talakwapo, nkhaniyi inatipweteka tonse, ngakhale agogo akowa ndiwo anayamba.

Anaika chipeso pansi.

"Agogo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Inu munali ndi zingati?"

Sabata yomweyo anabwerera ku ntchito yake ku Ulongwe, anapeza kanyumba ka lendi, n'kudzatenga agogo ake. A Arcanjo ndiwo anabweretsa galimoto. Ine ndinanyamula bulangeti ndi mphasa, Vanda anazilandira n'kunena zikomo, monga mmene munthu amathokozera wonyamula katundu kumsika.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira m'katchalitchi kathu, pa mwala womwe uja wa pakhomo ndikuuona, n'kuyeretsa dzina la a Natanael. Ndinayamba ndapempha amayi, ndipo anavomera ndi mutu. Anthu sananene zambiri. Amayi ena okalamba anapita kukalambula pamanda a akatekistawo, pamene panali patamera tchire. Za ine, ana a ku shikola anamva kwa makolo awo, ndipo masiku ano ndikamuyang'ana mwana woba pensulo, nayenso amandiyang'ana.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni, ndipo malangizo ambiri ndilibe. Ndingoti, ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene mumamulankhulira, kaya wodwala, kaya wokalamba, kaya wakufa, muziopa mphamvu imene muli nayo. Boma la atsamunda linalanga agogo anga chifukwa cha kandalama kamodzi ka mtovu, ndipo kanagwidwa msanga poti sikanalire. Mawu anga pansi pa mtengo wa pichesi analira bwino, aliyense anawalandira, ndipo palibe lamulo limene lidzandimange.

Loweruka lililonse ndimapita ku Ulongwe ndi nyemba ndi mazira. Amayi tsopano amalandira phala la m'manja mwanga. Vanda amanditsegulira chitseko, amandipatsa moni, kenaka amati ali ndi kopita, ndipo amabwerako shapa yanga itanyamuka.